Katundu wa mu Januwale amatsika mu Novembala

Amene amagulitsa katundu ku Nchalo, Ngabu, Bangula kapena pa boma la Nsanje amadziwa kuti pafupifupi chilichonse chili pa shelefu yake chinatsika phiri limodzi n'kuwoloka mlatho umodzi. Sopo, mchere, mafuta ophikira, simenti, malata, feteleza, zambiri mwa izi zimachokera ku Limbe ndi ku Blantyre, kutsetsereka mapiri a Chikwawa mpaka pa Thabwa, kenako pa mlatho wa Kamuzu. Kwa zaka zambiri dongosolo linali losavuta. Katundu akatsala pang'ono, mawa m'mamawa kukwera minibasi, kukapikula, madzulo lole yafika. Dongosolo limeneli linatha ntchito mu sabata yomaliza ya Januwale 2022, ngakhale kuti ena mpaka lero akudalirabe lomwelo.

## Sabata ya Ana

Namondwe wa Ana atadutsa, msewu wa M1 unaduka m'malo angapo m'boma la Chikwawa. Kuduka kwa msewu sikunali kwachilendo, tinakuonapo mu 2015 ndi mu 2019. Chimene chinapweteka n'chakuti zinthu zinagwa pamodzi. Madzi omwewo anagumula damu la Kapichira lopangira magetsi, magetsi n'kuzima. Magetsi atazima netiweki inayamba kuvuta, ndipo munthu amene ndalama zake zonse zinali mu foni anapezeka kuti sangalipire kanthu. Malole odzaza katundu anaima kumtunda kwa malo oduka, pamene kumunsi mashelefu ankatha tsiku ndi tsiku. Pakati pake panali anyamata osenza matumba pamutu kuwolotsa pamadzi, aliyense ndi mtengo wake.

Taganizani za wamalonda wa ku Ngabu pa tsiku lachitatu la sabata imeneyo. Katundu wake analipira kale, ali pa lole. Dalaivala sakupezeka pa foni. Sakudziwa ngati lole ili pa Thabwa kapena inabwerera, ngati tenti yagwira kapena simenti yake yanyowa. Makasitomala ali pakhomo kufuna makandulo ndi mchere, iye ali ndi makatoni a mabisiketi. Ndalama anali nazo, katundu anali naye, koma chilichonse chinali pamalo olakwika.

Pasanathe miyezi iwiri kunabwera namondwe wa Gombe, ndipo mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Ndiye tisamanenenso kuti zinangochitika mwangozi. Kutsekeka kwa msewu kuyenera kulowa m'kope la maoda ngati mmene timalembera mtengo wa thiransipoti.

## Masiku a msewu wotseka

Funso loyamba polemba oda ya nyengo ya mvula ndi ili: lole ikapanda kufika, ndikhala masiku angati ndisanatseke shopu?

Kawerengedwe kake n'kosavuta, koma kamafuna kope. Tiyerekeze kuti holoselo ya pa Bangula imagulitsa zigubu 6 za mafuta ophikira, za malita 20, tsiku lililonse. M'chilimwe kuyambira pomwe mwaitanitsa mpaka katundu kufika pamapita masiku 2. Ndiye zigubu zikatsika kufika pa 12, kapena 15 kuti mukhale ndi kapadera, mumaitanitsa zina. Kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Malichi nambala imeneyi ndi yabodza. Pa masiku 2 aja onjezani masiku amene msewu ungatsekeke, tinene 10. Onjezaninso ena 3, chifukwa tsiku limene msewu watsegulidwa si tsiku limene katundu wanu afike. Malole amakhala pamzere pa njira yongokonza mwachangu, eni malole amathamangira kunyamula chakudya cha anthu a m'misasa, ndipo aliyense wa m'chigwa cha Shire amakhala ali ku Limbe kufuna chinthu chomwecho. Masiku onse ndi 15, kuchulukitsa ndi 6, zigubu 90. Zikangotsika pa 90, itanitsani.

Masiku 10 amenewo ndi chitsanzo chabe. Nambala yanu muipeze pokumbukira masiku amene dera lanu linakhala osaona lole mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023. Ya munthu wa pa Dyeratu idzakhala yaing'ono. Ya munthu wa ku Makhanga imawerengedwa m'masabata.

Ndikudziwa yankho la ambiri: mpamba wogulira zigubu 90 ndiutenga kuti? N'zoona, palibe amene angachite izi pa katundu yense. N'chifukwa chake muyenera kusankha. Madzi akasefukira anthu amafuna mchere, sopo, machesi, makandulo, mabatire, ufa, mafuta ophikira, mankhwala othira m'madzi akumwa, mapepala apulasitiki ofolera ndi misomali. Zimenezi ndiye zopatsa masiku 15. Zakumwa zotsekemera, mabisiketi ndi mafuta odzola apamwamba zimayenda pa Khirisimasi, koma mu Januwale ndi Febuluwale m'matumba mwa anthu mumakhala mopanda kanthu. Kuunjika zimenezi n'kumanga mpamba pa shelefu pa nthawi imene ukufunika kwina.

Ndipo musayese kugula zonse ulendo umodzi. Yambani mu Seputembala, pamene ndalama za thonje ndi nandolo zikuzungulirabe pamsika. Ulendo uliwonse onjezani pang'ono pa katundu wofunika uja, kuti pofika kumapeto kwa Novembala mulingo wakwana.

## Kutentha nako kumadya katundu

Apa ndi pamene kuchigwa kumasiyana ndi kumtunda. Miyezi imene ndikunena kuti muunjike katundu, Okutobala ndi Novembala, ndi imene kutentha kumapitirira madigiri 40. Pansi pa malata opanda siling'i kumaposa pamenepo. Choncho amene angomva kuti "sungani katundu wambiri" n'kudzaza shedi osasankha, ngati sanaluze ndi madzi adzaluza ndi dzuwa.

Mchere, sopo, machesi, misomali ndi malata zimapirira. Ufa supirira, nankafumbwe amaswana msanga kukatentha, ndiye ndi bwino kusunga chimanga chouma bwino, chinyezi chake chisapose 13 pa 100, m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, n'kumagayitsa pang'onopang'ono. Kumbukirani kokha kuti magetsi akazima zigayo zambiri zimaima, choncho dziwiranitu kumene kuli chigayo cha dizilo. Simenti isakhale miyezi yoposa itatu, isagone pansi, ndipo musasanje matumba oposa 10 mulu umodzi, chifukwa apansi amagwirana. Feteleza wa Urea amakoka chinyezi, thumba likabooka pang'ono amasanduka mwala. Mbewu ya chimanga ndiye yosalimba kuposa zonse. Imaoneka bwino m'paketi koma kutentha kumapha mphamvu yake yomera, ndipo mlimi amadzazindikira ali kale m'munda.

M'shedi, katundu akhale pa mapaleti kapena pa mitengo yoyala, osagunda khoma, pakhale mpata woti munthu adutse kukayang'ana makoswe ndi kudontha kwa denga. Wobwera kale atuluke poyamba, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha watsopano akasanjidwa kumbuyo, ngakhale otsitsa akhale atatopa. Chinanso chimene ambiri safuna kumva: ngati madzi anafikapo pa khoma la shedi yanu, chizindikiro chake chikuonekabe, adzafikanso. Gawani katundu pawiri, theka lina likakhale pamalo okwera ngakhale muzilipira lendi ya miyezi inayi.

## Phiri ndi dizilo

Kuchokera ku Blantyre kufika pa Thabwa galimoto imatsika mamita pafupifupi 900 pa msewu wokhotakhota. Lole yodzaza imatsika ndi giya yaing'ono kuyambira pamwamba. Dalaivala amene amadalira mabuleki okha amawatenthetsa, ndipo amasiya kugwira pa nthawi imene akufunika. Mwini katundu ali ndi mbali yake pa ngozi zimenezi. Lole ya matani 7 imanyamula matumba 140 a makilogalamu 50, ya matani 10 matumba 200, thiraki ya matani 30 matumba 600. Mukamakakamiza kuti "onjezani makumi awiri okha, achimwene", mukuonjezera tani yathunthu pa mabuleki omwewo.

Pokwera, mdani ndi kutentha kwa injini. Lole yolemera inyamuke kuchigwa usiku kukadali kozizira kuti ikwere phiri dzuwa lisanakule. Ndiye kuti kupakira kumachitika dzulo lake madzulo, aganyu muwauze nthawi imeneyo, ndipo mlonda wa usiku alowe m'bajeti.

Kuyambira 2022 mafuta agalimoto akhala akusowa mobwerezabwereza, ndipo akasowa m'tauni kuchigwa amasoweratu. Lamulo langa pa nkhaniyi ndi limodzi: lole isapakiridwe dizilo wa ulendo wonse, kupita ndi kubwera, asanalowe m'thanki. Lole yopanda kanthu ikagona pa filing'i siteshoni mwaluza tsiku. Lole yodzaza ikagona pamenepo mwaika katundu wanu pamvula ndi pamaso pa akuba. Musanavomere mtengo ndi mwini lole, funsani ngati mtengowo ukuphatikiza dizilo wogula pa pampu kapena wa m'zigubu, chifukwa mkangano umenewu ukabuka katundu ali pamsewu, wogonja amakhala inu.

## Lole isakwere yopanda kanthu

Mtengo wa thiransipoti yopita kuchigwa umakwera chifukwa mwini lole amawerengera kuti pobwerera akwera wopanda katundu. Mukamupezera katundu wokwera naye, mtengo umakambika. Chigwa chili ndi zokweza pafupifupi chaka chonse: chitowe ndi thonje mvula ikatha, mapira, mpunga wa ku masikimu a kutsidya kwa Shire monga Muona ndi Nkhate, nandolo kuyambira cha mu Ogasiti, mbatata ndi chimanga cha kudimba, mbuzi ndi ng'ombe za ku Ngabu.

Koma katundu wobwerera ali ndi malamulo ake. Thonje limadzaza malo lisanakwane kulemera, choncho lole ya matani 10 sinyamula matani 10 a thonje, ndipo mgwirizano wolipira pa tani umabweretsa mkangano. Thonje lisaikidwenso m'matumba apulasitiki a feteleza, timaulusi take timasakanikirana ndi thonjelo n'kutsitsa giredi. Chitowe chimatenga fungo msanga, ndiye lole imene yatsitsa feteleza kapena zigubu za dizilo isesedwe, itsukidwe, pansi payalidwe tenti. Ziweto zimafuna chiphaso cha alangizi a ziweto, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, monga amachitira kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, boma limaletsa kutulutsa ziweto. Amene anadalira mbuzi kuti zilipire theka la ulendo ayenera kukhala ndi katundu wina m'maganizo.

Pa nkhani yosunga nthawi, a nzimbe ali ndi zotiphunzitsa. Nzimbe ikawotchedwa n'kudulidwa imayamba kutaya shuga, ndipo imayenera kufika ku fakitale ya ku Nchalo mkati mwa masiku awiri kapena kuposera pang'ono. Choncho alimi a ku Kasinthula kapena ku Phata sawotcha munda chifukwa chakuti nzimbe yakhwima. Amayamba adziwa tsiku limene fakitale ilandire, n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo: onyamula abwere liti, odula alowe liti, moto uyatsidwe liti. Wogula nandolo achite chimodzimodzi. Ayambe wadziwa tsiku limene wogula wa ku Limbe alandire ndi kulipira, kenako tsiku la lole, kenako masiku a sikelo kumidzi. Ambiri amayamba ndi sikelo, n'kupezeka ali ndi mulu wa matumba pakhonde, lole kulibe, mtengo ukutsika.

## Kutsidya

Kum'mawa kwa Shire nkhani ndi ina. Msewu wochoka pa Thabwa kudzera ku Livunzu, Masenjere ndi Fatima umawoloka mitsinje yambiri yochokera m'mapiri a Thyolo. Mitsinje imeneyi imadzaza mwadzidzidzi, imabweretsa mchenga ndi miyala, ndipo imaphwera msanganso, koma imasiya msewu utadyeka. Njira ya pa Bangula kupita ku Chiromo inaduka mu 1997, ndipo pa Mtayamoyo anthu anazolowera kuwoloka pa bwato. Mu 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake n'kudula Makhanga.

Katundu wopita kumeneko amasintha manja kangapo: thiraki, lole yaing'ono ya matani 3 yonyamula matumba 60, bwato, kenako ngolo kapena njinga yamoto. Paliponse posinthira pamatayika kanthu. Thumba limang'ambika, lina limanyowa, lina silioneka n'komwe. Njira yochepetsera ndi kuwerenga pa malo aliwonse osinthira, wopereka ndi wolandira ali pomwepo, onse n'kusaina pepala limodzi, n'kulijambula pa foni. Mukawerenga kumapeto kokha mudzadziwa kuti matumba atatu asowa, koma simudzadziwa pofunsa.

Pabwato, thumba la makilogalamu 50 ndi lovuta kukweza ndi kutsitsa pa gombe loterera. Ngati n'kotheka gawani m'matumba a 25, ndipo chilichonse choopa madzi chilowe m'pulasitiki chisanafike pa doko. Kuwoloka kukhale masana okha. Ng'ona ndi mvuu zilipo, namasupuni amatseka njira, ndipo mwini bwato akakana kuonjezera katundu, mumvereni. Iye ndiye akudziwa mmene madzi akukokera tsiku limenelo.

Pali chinthu chimene ogulitsa zipangizo zaulimi ochokera kumtunda amaphonya. Chigwa chili ndi nyengo ziwiri zobzala. Ya mvula, ndi ya kudimba madzi akaphwera, kuyambira cha mu Epulo. Kwa mabanja ambiri a m'mbali mwa Shire ndi Dambo la Njovu, yachiwiriyi ndi imene imawadyetsa. Koma mu Epulo misewu ya kutsidya imakhala isanakonzedwe. Nzeru yake ndi kulekanitsa cholemera ndi chosalimba. Feteleza ndi wolemera koma akasungidwa pouma amadikira, ndiye awoloke mu Novembala msewu ukadali wabwino. Mbewu ndi yopepuka, hekitala imodzi ya chimanga imafuna makilogalamu 25 okha, ndiye ikhale kumtunda kozizira mpaka mu Malichi, idzabwere pang'onopang'ono pa njinga yamoto ndi pa bwato.

## Chenjezo likabwera

Madzi amene amadula misewu yathu kawirikawiri si a mvula yogwa kuchigwa. Amagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo n'kutsika ndi Ruo, amagwa ku Mwanza ndi ku Neno n'kutsika ndi mitsinje ya kumeneko, amagwa ku Blantyre n'kutsika ndi Likhubula. Ku Nchalo kukhoza kukhala dzuwa pamene mtsinje wa Mwanza ukudzaza. Choncho kuyang'ana kumwamba sikokwanira. Khalani ndi nambala ya munthu wa ku Thyolo, wa ku Mwanza, wa pa Thabwa, ndi ya kondakitala wa minibasi yoyamba kutsika m'mamawa. Paja safunsa anadya phula.

Nthambi yoona zanyengo imalengeza za namondwe kukadali masiku angapo, pa wailesi ndi pa Facebook. Masiku amenewo ndi ogwirira ntchito. Tsiku loyamba, tsitsani katundu wofunika amene akupereweza mulingo uja, gulani dizilo, ndipo tapani ndalama zina mu Airtel Money kapena Mpamba zikhale pamanja, ma ejenti asanathe zawo. Tsiku lachiwiri, kwezani katundu m'shedi, samutsani wa pamalo otsika, tchajani mafoni, lembani nambala zofunika papepala. Likafika tsiku limene alengeza kuti mvula iyamba, lole isanyamuke. Imene ili kale panjira ikagone pamalo okwera, osati m'mbali mwa mlatho.

Pamenepa mwini katundu amuuziretu dalaivala mosabisa kuti akaona madzi akudutsa pamwamba pa msewu ali ndi ufulu woima, ndipo sadulidwa malipiro. Madalaivala ambiri amalowa m'madzi chifukwa choopa foni ya abwana. Pansi pa madzi odutsa pa tala pakhoza kukhala kuti palibenso tala.

## Mtengo wa oda yotsatira

Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 pa 100, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi katundu m'shedi n'kupitiriza kugulitsa pa mtengo wakale anaona ngati akupindula, mpaka tsiku lopita kukaoda. Ndalama za makatoni 100 zinakagula ochepera pamenepo. Mtengo wogulitsira uzitengera mtengo umene mukagulire katundu wolowa m'malo, kuphatikiza thiransipoti ya lero, choncho imbani ku holoselo sabata iliyonse ngakhale simukuoda. Ngongole kwa eni maokala ikhale ya masiku ochepa, ndipo mukamapereka mtengo kwa sukulu kapena kwa kontirakitala, lembani papepalapo masiku amene mtengowo ugwire ntchito.

Izi n'zosiyana ndi kukweza mtengo wa mchere kawiri chifukwa msewu waduka. Amene anasunga katundu mu Novembala anagula pa mtengo wabwino, ndipo akhoza kugulitsa mwachilungamo mu Januwale n'kupindulabe. Anthu a m'midzi yathu amakumbukira bwino amene anawadyera masuku pamutu nyumba zawo zitagwa, ndipo thonje likagulidwa amakagula kwina.

## Njanji ndi ngalande

Doko la ku Nsanje linatsegulidwa mu Okutobala 2010 ndi pulezidenti Bingu wa Mutharika, koma silinagwire ntchito imene linamangidwira. Mu 2024 sitima yapamtunda yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka, kumalire ndi Mozambique, ndipo njanji ya makilomita 72 yopita ku Bangula ikadzatha, katundu wina wolemera adzatha kulowa kuchigwa kuchokera kummwera, osatsika phiri. Ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, ya pulogalamu ya Shire Valley Transformation, ikuyembekezeka kuthirira mahekitala oposa 40,000. Zikadzatheka, zokolola zokwera phiri zidzachuluka, ndipo zina zidzakhala zowonongeka msanga, zofuna mosungira mozizira ndi malole onyamuka pa ola lake.

Zonsezi ndi zoyenera kuzitsatira, makamaka kwa amene akuganiza zogula malo omangapo shedi pa Bangula. Koma mu oda ya chaka chino lembanimo njira yokhayo imene mwaona katundu akudutsapo sabata ino. Wamalonda wa ku Nsanje amene amagula zina ku Mozambique kudzera pa Marka ali ndi khomo lachiwiri, ndipo ndi bwino mapepala a kasitomu ndi anthu a kumeneko aziwadziwiratu m'chilimwe. Akumbukire kokha kuti namondwe amalowa m'dziko muno kuchokera mbali yomweyo, ndiye pa sabata yoipitsitsa makomo onse awiri akhoza kutsekeka tsiku limodzi.